Asankhe Elizabeth David, koma asayambe ndi buku lake loyamba

Mayi, mwafotokoza kuti mwana wanu amene akuphunzira zophikaphika ku koleji ina ku Leeds wapatsidwa ntchito yolemba za moyo wa mlembi mmodzi wa mabuku a zakudya wa ku Britain, ndipo mukufunsa amene angasankhe komanso buku limene mungamugulire. Malangizo anga ndi akuti asankhe Elizabeth David, chifukwa zimene mayiyu anakumana nazo pa moyo wake n'zimene zinabala mabuku ake, choncho wolemba za iye sasowa chonena.

Iye anabadwa pa 26 Disembala 1913 m'banja lolemera la a Gwynne, ndipo anakulira ku Wootton Manor m'chigawo cha Sussex. Bambo ake, a Rupert Gwynne, anali phungu wa dera la Eastbourne ku nyumba ya malamulo, ndipo anamwalira mu 1924 mwanayu ali ndi zaka khumi zokha. Pakhomo potere ophika anali antchito, ndipo mwana wa eni nyumba sankayembekezeka kugwira mthiko. Zakudya anayamba kuzidziwa bwino atatumizidwa ku Paris kukaphunzira ku yunivesite ya Sorbonne, kumene ankakhala ndi banja lina la Chifalansa limene nkhani yake yaikulu tsiku lililonse inali ya chakudya cha patebulo.

Gawo limene mwana wanu ayenera kukhalapo nthawi yaitali ndi la nkhondo. Mu 1939 Elizabeth anachoka ku England pa boti laling'ono pamodzi ndi chibwenzi chake, Charles Gibson Cowan, ndipo atasungidwa kwakanthawi ndi akuluakulu a boma la Italy, anakafika pa chilumba cha Syros ku Greece. Asilikali a Germany atalowa m'dzikolo mu 1941, Elizabeth anathawira ku Egypt, kumene anagwira ntchito ya boma la Britain ku Alexandria kenaka ku Cairo, ndipo mu 1944 anakwatiwa ndi msilikali Anthony David. Atabwerera kwawo mu 1946 anapeza chakudya chikugawidwa mwa muyezo, ndipo m'nyengo yozizira koopsa, ali mu hotela ina ku Ross-on-Wye kumene chakudya chinali chosakoma, anayamba kulemba za mandimu, adyo ndi mafuta a maolivi amene ankawalakalaka. Masiku amenewo mafutawa ankapezeka kwambiri m'masitolo a mankhwala, m'timabotolo ting'onoting'ono. Inu amene mwakhala ku England mukulakalaka chambo ndi nkhwani wotendera mukumvetsa mtima umene unalemba masamba amenewo.

Zolembazo zinatuluka mu 1950 ngati A Book of Mediterranean Food, pamene kugawa chakudya mwa muyezo kunali kusanathe, pakuti kunatha mu 1954. Bukuli n'lotchuka, komabe sindikulangizani kuti muyambe nalo, popeza malangizo ake ndi afupiafupi ndipo miyezo nthawi zambiri siifotokozedwa mokwanira kwa munthu amene akuphunzira kumene. Mugulireni French Provincial Cooking la mu 1960, limene limalongosola zakudya za m'zigawo za France mwatsatanetsatane, ziwiya zake ndi chifukwa chake chinthu chimaphikidwa mwanjira ina osati inzake. Ngati amakonda kuphika buledi, English Bread and Yeast Cookery la mu 1977 lingamuthandize kwambiri, pakuti mmenemo mlembiyu anafufuza mbiri ya ufa, yisiti ndi mauvuni, komanso anadzudzula mosabisa mawu buledi wopangidwa mothamanga m'mafakitale.

Pa mbiri ya moyo wake, apeze buku la Artemis Cooper la mu 1999 lotchedwa Writing at the Kitchen Table, limene silibisa zovuta za ukwati wake, matenda a sitiroko amene anamugwira mu 1963, ndi mkangano umene unamuchotsa mu 1973 pa sitolo ya ziwiya za kukhitchini imene anatsegula ndi anzake ku Pimlico mu 1965. Elizabeth David anamwalira ku London pa 22 Meyi 1992.

Koma ngati chimene mwanayo akusowa ndi buku lomuuza magalamu ndi mphindi za mu uvuni pokonzekera mayeso a kukhitchini, onjezerani limodzi la Delia Smith, mlembi wina wa mabuku a zakudya wa ku Britain, chifukwa pa ntchito imeneyo iye ndiye wodalirika kuposa Elizabeth David.