Ndinadinda chala pa chikalata cha kafukufuku, kodi ndingabwererenso kuchipatala?

Adokotala, miyezi iwiri yapitayo ndinadinda chala pa chikalata chololeza kuti mwana wanga wa chaka chimodzi alowe m'kafukufuku wa mankhwala kuchipatala cha kwathu kuno. Apongozi anga akuti magazi amene amamutenga amakagulitsidwa kunja, choncho ndinasiya kupitako. Tsopano mwanayo watentha thupi masiku atatu, ndikumumwetsa Panado ndi Bactrim wa kugolosale, ndipo ndikuopa kubwerera chifukwa ndinaswa pangano.
Mayi wa ku Kapiri, Mchinji

Mayi, palibe pangano limene mwaswa. Chikalata chija si kontirakiti ya fodya yoti mukalephera akulondoleni pakhomo. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuyesera munthu mankhwala popanda chilolezo chake, ndipo amene wavomera ali ndi ufulu wosintha maganizo tsiku lililonse, osafotokoza chifukwa, komanso osataya mwayi wolandira chithandizo monga wina aliyense. Musanadinde, ochita kafukufukuwo anayenera kukuwerengerani chikalatacho m'Chichewa pamaso pa mboni yosakhala m'gulu lawo, kukuuzani zovuta zimene mankhwalawo angabweretse, ndi kukupatsani kope lanu. Ngati sanatero, olakwa ndi iwo, ndipo mungadandaule ku komiti imene inavomereza kafukufukuyo, kaya ndi NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kaya COMREC ya kusukulu ya udokotala ku Blantyre.

Za magazizo, apongozi anu akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo, koma zimene anamvazo si zoona. Magazi amene amatenga kwa mwana nthawi zambiri saposa supuni yaing'ono ya tiyi, pamene thumba limodzi loika munthu wodwala limafuna pafupifupi mamililita 450, otengedwa kwa munthu wamkulu. Timabotolo timene amaikamo magazi a mwanayo nthawi zina timakhala ndi mankhwala oletsa magazi kuundana kuti ayezeke bwino, ndipo palibe amene angagule magazi otero kuti akaike mnzake. N'zoona kuti ena amatumizidwa kunja kukayezedwa, koma zimenezi zimalembedwa m'chikalata chomwecho, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kumene akupita. Mphekesera zoterezi ine sindiziseka, chifukwa mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa cha ku Mulanje ndi madera oyandikira. Katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019 anayesedwa kaye pa ana ambiri, ena mwa iwo a ku Lilongwe, ndipo makolo awo anasaina zikalata zonga chanucho.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi masiku atatu amene mwakhala panyumba. Panado amangoziziritsa thupi, sachiza malungo, ndipo Bactrim womwetsa mongoyerekeza amasokoneza amene adzamuyeze mwanayo. Pamenepa, mayi, mwachedwa.

Pitani naye lero, ngakhale kukhale kwada. Tengani buku lake la kusikelo, khadi la kafukufuku ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwamumwetsa, kuti amuyeze malungo akudziwa zonse zimene zili m'thupi mwake. Ochita kafukufuku nawonso ayenera kuuzidwa, pakuti mwina kutenthako kukukhudzana ndi mankhwala awo, ndipo kuwauza sikukutanthauza kuti mwabwereramo. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse, kukana kuyamwa kapena kupuma mobanika, musadikire kuti abambo ake abwere kumunda. Apongozi anu apite nanu, akaone okha kabotoloko ndi kufunsa mafunso awo.