Mafunso Anu: Phunziro la Chakudya ku Mkombaphala

Ndimaphunzitsa ana a zaka 3 mpaka 5. Ndikufuna phunziro la chakudya loti makolo nawonso azitengapo mbali, koma tilibe khitchini kapena dimba. Ndiyambire pati? – Mphunzitsi

Aphunzitsi, za khitchini musadandaule, yambani ndi nyemba. Dulani mabotolo apulasitiki pakati, boolani timabowo titatu kunsi, dzazani dothi, ndipo mwana aliyense abzale nyemba ziwiri mozama masentimita 2 kapena 3. Zimamera pakatha masiku 5 mpaka 10. Chimene chimazipha kawirikawiri ndi chikondi cha anawo: aliyense amafuna kuthirira, dothi limasanduka matope, nyemba n'kuwola. Lamulo likhale loti mwana ayambe wapisa chala m'dothi, ndipo likakhala louma athire masupuni awiri basi. Gwiritsani ntchito nyemba wamba za ndiwo, chifukwa mbewu za m'mapaketi nthawi zambiri zimakhala zopakidwa mankhwala. Muziwerenga nyembazo popereka. Zosaphika zimadwalitsa m'mimba, komanso ana amsinkhuwu sachedwa kuziika m'mphuno.

Kamodzi pa sabata, khalani pansi ndi ana 5 kapena 6 kwa mphindi 15 muli ndi chakudya chamtundu umodzi, tinene lalanje. Aliyang'ane, aligwire, akande khungu lake n'kununkhiza, anene ngati ndi losalala kapena lokhakhala. Kulawa kubwere pamapeto. Njira yophunzitsa kudzera m'maso, m'manja, m'mphuno ndi lilime imeneyi anaiyambitsa ndi Jacques Puisais ku France m'zaka za m'ma 1970, ndipo inafika mpaka ku sukulu za ana ang'onoang'ono ku Sweden ndi Finland.

Makolo musawaitanire msonkhano, ambiri sabwera. Apatseni ntchito. Sabata iliyonse banja limodzi litumize munthu, kaya ndi agogo kaya ndi achimwene ake a mwanayo, adzaonetse mmene amasendera, kutsuka kapena kusakaniza chakudya china kwawo. Zipangizo zigulidwe ndi sukulu kapena posonkherana, kuti banja losowa lisachite manyazi. Pa chifukwa chomwechi, musamatsegule kamba wa ana pagulu n'kumati "uyu wabweretsa zabwino, uyu zoipa". Mwana sasankha zomwe amutengera, ndipo mawu otere akafika kunyumba kholo limenelo simudzalionanso pasukulu.

Mwana wanga wa zaka 3 amakana kulawa chilichonse chachilendo, ndipo aphunzitsi ake samukakamiza. Kodi uku si kumulekerera? – Mayi wodandaula

Ayi mayi, aphunzitsiwo akuchita bwino. Kuopa chakudya chachilendo kumakula pakati pa zaka 2 ndi 6, ndipo ana ambiri amafunika kupatsidwa chinthu chomwecho maulendo 8 mpaka 15 asanachilandire. Akuluakulu ambiri amagwa ulesi pa ulendo wachitatu n'kugamula kuti "sakonda".

Muikireni kachidutswa kakang'ono ngati nsonga ya chala, pambali pa chakudya chomwe amadya kale. Muuzeni kuti akhoza kunyambita kapena kulavulira m'kansalu. Mwana akadziwa kuti kulavula n'kololedwa, amalimba mtima kuika mkamwa. Musamulonjeze switi akamaliza masamba, chifukwa zimenezo zimamuphunzitsa kuti masamba ndi chilango ndipo switi ndiye chakudya chenicheni. Pemphani aphunzitsi amukhazike pafupi ndi mnzake wodya bwino. Mwana amatengera mnzake msanga kuposa mmene amamvera inu. Koma ngati akuonda, kapena akumadya zakudya zamitundu yochepa kwambiri kwa miyezi, pitani naye kuchipatala.

Makolo ena akuopa kuti ana angadwale kapena kutsamwa. Tiwayankhe chiyani? – Wapampando wa komiti ya makolo

Mantha awo ndi omveka, ndipo yankho ndi kuwaonetsa dongosolo lolembedwa. Phunziro lisanayambe, funsani kholo lililonse zakudya zomwe thupi la mwana wawo limadana nazo, makamaka mtedza, mazira, mkaka ndi nsomba, ndipo mndandandawo upachikidwe pomwe mlezi aliyense angauone. Milomo kapena nkhope ikatupa, kapena mwana akayamba kubanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Ana osakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu. Mphesa muzidule m'litali panayi, karoti mumuphike afewe kapena mumupale. Adye atakhala pansi, wamkulu ali pomwepo. Asambe m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 pamadzi othiridwa, osati onse m'beseni limodzi, ndipo aliyense akhale ndi supuni yake. Chophika chikakhala pamtunda kupitirira maola awiri, ana asachidyenso.