Kodi aphunzitsi asiye choko chifukwa cha gitala?

Mphunzitsi wina wa pulayimale wa kufupi ndi ku Bembeke wandilembera imelo n'kunditumiziranso nyimbo zake. Akuti ali ndi nyimbo za rock zingapo zimene anajambula yekha pa foni m'chipinda chogona, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kusiya ntchito n'kupita ku Lilongwe kukasaka situdiyo yabwino, popeza anzake akumuseka kuti nyimbo yomveka mvula ikugunda malata palibe amene angaimvere.

Aphunzitsi, funso lanu landikumbutsa mphunzitsi mnzanu, Robert Pollard wa mumzinda wa Dayton ku Ohio, m'dziko la America. Iyeyu anabadwa mu 1957, ndipo anayambitsa gulu la Guided by Voices mu 1983 akuphunzitsa ana. Masana ankagwira choko, madzulo n'kumasonkhana ndi anzake m'zipinda zapansi za nyumba zawo, kujambula nyimbo pa kamakina ka kaseti kotenga mizere inayi yokha ya mawu. Kajambulidwe kotereka ndiko amakatcha lo-fi: kusokosera kwa tepi, gitala wophonya pang'ono, zonse zimasiyidwa momwemo, ndipo okonda nyimbozi amati n'zimene zimawapangitsa kumva ngati woimbayo wakhala nawo pamkeka umodzi.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti kuyambira mu 1986 mpaka mu 1992 zimbale za gululi zinkatuluka ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo sizinkadziwika kutali. Mu 1992 anatulutsa chimbale cha Propeller, makope 500 okha, chikuto chilichonse chokongoletsedwa pamanja, akuganiza kuti ndicho chotsanzikira. Chimenecho ndicho chinafika m'makutu a anthu a m'mizinda ina. Chimbale china cha Bee Thousand chitatuluka mu 1994 n'kutamandidwa kwambiri, m'pamene Pollard anasiya uphunzitsi, atagwira ntchitoyo zaka 14. Anachoka m'kalasi omvera atapezeka kale.

Choncho pa za situdiyo, anzanuwo sindikugwirizana nawo. Nyimbo ikakhala ndi mawu ogwira mtima ndi kayimbidwe kokhalitsa m'mutu, malata sangaiphe. Ikakhala yopanda kanthu, ngakhale makina a mamiliyoni sangaidzutse. Ngati mvulayo ikukuvutani, jambulani m'miyezi ya June ndi July, pamene kwathu kuno kumangozizira basi, ndipo mupachike mabulangete m'makoma kuti mawu asamabwerere.

Koma pa zosiya ntchito ndikuti dekhani kaye. Rock ili ndi otsatira ochepa m'Malawi muno, ndipo nyimbo zambiri zimayenda pa WhatsApp ndi kwa anyamata owotcha nyimbo pamsika, woimba osalandira ngakhale tambala. Malipiro a mwezi ndiwo adzakugulireni mawaya a gitala. Sankhani nyimbo zisanu zimene mumazikhulupirira, muzilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti umwini wake udziwike, kenaka muziike pa intaneti ndi kuzitumiza ku mawayilesi. Nyimbo yachitatu imene munanditumizira, ya mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu, ikhale yoyamba.