Musachite laminate mapepala a malemuwo

Achimwene, mwafunsa mosungira makalata, zojambula ndi makaseti a mnzanu woimba nyimbo za mtundu wa punk amene anatisiya ku Los Angeles. Chonde musamate ndi selotepi kapena kuchita laminate (kumata pepala m'pulasitiki); guluu wake amadya pepala. Chotsani mapini adzimbiri, musasokoneze dongosolo limene mwiniwake anasiya, ikani m'mabokosi opanda asidi, pouma, kutali ndi dzuwa. Makaseti akopereni pakompyuta msanga, tepi imafooka.

Kenako lankhulani ndi ONE Archives, malo osungirako mbiri ya anthu okonda amuna kapena akazi anzawo, ku yunivesite ya USC ku Los Angeles komweko. Kumeneko amasunga mapepala a Gerardo Velázquez wa gulu loimba la Nervous Gender, yemwe anamwalira mu 1992. Makalata osonyeza kuti mnzanuyo ankakonda amuna anzake musawabise. Makalata ambiri otere a m'zaka za Edzi, achibale anawataya chifukwa cha manyazi, ndipo zimandipweteka mtima.