Malonda a smartwatch kudzera pa Mwami: yankho kwa achimwene ofuna kuyamba

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu: kumene timapikula ma smartwatch (mawotchi a pa mkono olumikizika ku foni), mmene timawolokera nawo pa boda ya Mwami, ndiponso ngati ndalama imene mwalandira ku chilimba ingakwane kukhala mpamba. Zonsezo ndiyankha. Koma dziwiranitu kuti chimene chimagwetsa anthu m'malonda awa kawirikawiri ndi wotchi yobwezedwa. Munthu wavala milungu iwiri, yazima, wabwera nayo patebulo panu akufuna ndalama yake, ndipo akulankhula mokweza makasitomala ena akumva. N'chifukwa chake ndichedwa pa nkhani ya mmene anthu amavalira ndi kusungira mawotchiwa.

Pafupifupi onse amene mumawaona ku Kapata ndi ku Down Shops amachokera ku China, makamaka ku Shenzhen ndi Guangzhou. Kuti afike m'manja mwathu pali njira zitatu. Yosavuta ndi ya ku Lusaka: mukwera basi ya Great East Road, mupikula ku Kamwala, katundu ali kale m'dziko, inu chanu n'kusunga lisiti basi. Ya patali ndi ya ku Nakonde, kuwoloka pa Tunduma mpaka ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Kumeneko mtengo ndi wabwino, koma ulendowo umafuna mpamba woti thiransipoti ndi malo ogona asaudye wonse. Yachitatu ndi Lilongwe, m'mashopu a ku Area 2 ndi mu Malangalanga. Ndi pafupi, osafika makilomita 150 kuchokera muno mu Chipata, moti mupita m'mawa n'kudzagona kwanu. Koma kutchipa kwa Lilongwe kumayendera mmene makwacha awiriwa, ya Zambia ndi ya Malawi, aimira tsikulo. A Malawi atatsitsa mphamvu ya kwacha yawo ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mashopu inasintha m'masiku ochepa, ndipo amene anapita ndi masamu akale anabwerako ndi theka la katundu. Reti ya kubanki ndi ya anyamata osintha ndalama pa boda nayonso imasiyana kutali. Musanakwere takisi ya ku Mwami, funsani reti kwa anthu awiri atatu, ndipo ndalama muziwerenga nokha musanapereke zanu. Nyengo zina mphepo imatembenuka, a ku Mchinji ndi amene amabwera kudzapikula kwa ife.

Pa boda zinthu zinapepukako kuyambira mu Disembala 2022, pamene a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegulira boda yoimapo kamodzi ya Mwami ndi Mchinji. Tsopano mumaima malo amodzi, mbali ya dziko limene mukulowa, ndipo maofesala a mayiko onse awiri amakuonerani pomwepo. Koma pali chinthu chimene oyamba kumene amasokonezeka nacho. Amamva amayi a mbatata ndi nyemba akunena za STR, ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya bungwe la mayiko la COMESA, yoti katundu wosapitirira madola 2,000 amadutsa ndi pepala losavuta popanda dyute, iwo n'kumaganiza kuti nawonso alowa momwemo. Ayi. STR ndi ya katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'mayiko athu ano, amene ali pa mndandanda umene Zambia ndi Malawi anagwirizana. Wotchi ya ku Shenzhen, ngakhale mwaigula ku Lilongwe, ndi ya ku China ndithu. Muionetsa kwa a msonkho a ZRA, mupereka lisiti ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho, mulipira dyute, kenako VAT ya 16 peresenti imene amawerengera pa mtengo wa katundu ndi dyuteyo pamodzi. Mukalembetsa lisiti la mtengo wonama, ofesala ali ndi mphamvu yoika mtengo umene iye akuuona kuti ndi woyenera, ndipo mawotchiwa amawadziwa, ena avala kumene. Pitani kaye pa desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono, imene imagwira ntchito ndi bungwe la Cross Border Traders Association, akuwerengereni musanaime pamzere. Mukadzakula n'kumaitanitsa makatoni nokha, kumbukirani kuti zida za Bluetooth zimafunanso chilolezo cha ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi mauthenga.

Adzakuuzani za zalewa, kuti wa kabaza akudutsitsani kuseri kwa midzi pa ndalama yochepa. Ine sindikulimbikitsani. Akakugwirani katundu amalandidwa, chindapusa pamwamba, ndipo ngakhale mutadutsa, katundu wopanda pepala amakusowetsani mtendere pa rodibuloko iliyonse.

Ponyamula, mawotchi asalowe mu buti ya basi. Muli batire la lithium, ndipo kutentha kwa mu Okutobala pansi pa matumba a chimanga kumalifooketsa musanagulitse n'komwe. Chikwama chikhale pamiyendo panu. Kopikulako yatsani iliyonse, ngakhale mwini shopu akwinye nkhope, muone ngati sikirini ikumva chala m'makona onse ndiponso ngati tchaja ikugwira.

Tsopano za ovala. Ndimaona mitundu iwiri ya anthu, ndipo onse amapha wotchi, aliyense m'njira yake.

Woyamba ndi wosamala mopitirira. Kapepala ka pulasitiki kochokera ku fakitale sachotsa mpaka kapindike m'mbali n'kudzaza fumbi. Wotchi amaivala Lamlungu popita kutchalitchi, pa ukwati, pa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, akabwerako n'kuibwezera m'bokosi lake, bokosi m'sutikesi. Amaisunga ngati dzira. Vuto n'lakuti batire la lithium likatheratu n'kukhala choncho miyezi, nthawi zambiri silidzukanso. Ndiye amabwera atakwiya kwambiri, akuti ndavala kanayi kokha, onani ilibe ndi kachipsera komwe. Zoona ilibe, koma m'kati yafa. Wotereyu muuzeni pogula kuti ngati akuisunga, aitchajeko pang'ono mwezi uliwonse, isatsale pa ziro. Inunso chimodzimodzi ndi katundu wotsala pa shelefu: mutsegule mabokosi, mutchaje kufika pa theka, mubwezeremo.

Wachiwiri anawerenga pa bokosi kuti silowa madzi, ndipo anakhulupirira ndi mtima wonse. Amasamba nayo, amachapa nayo, amatsuka nayo mbale. Apa ndi pofunika inu wogulitsa mudziwe tanthauzo la manambala a pa bokosi. IP67 ikutanthauza kuti fumbi sililowa, ndipo anaiyesa m'madzi oyera akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP68 imapitirirako pang'ono, malinga ndi mmene kampaniyo yanenera. Yosambira nayo m'dziwe ndi yolembedwa 5ATM. Koma mayeso onsewo ndi a madzi oyera, ozizira, wotchi ili yatsopano. Sopo wa ufa amafooketsa guluu ndi timalabala totseka m'mbali. Madzi otentha a m'bafa amatero. Nthunzi ya mphika wa nsima imalowa pamene dontho la madzi silingalowe, ndipo mayi amene akuvundula nsima dzanja lili pamwamba pa mphika tsiku ndi tsiku. Mawotchi oimbira foni ali ndi timabowo ta sipika ndi maiki, ndiye pomwe madzi amadzera. Pa zotchipa zenizeni, IP68 ya pa bokosi ndi inki chabe, palibe anaiyesa. Ine ndimauza aliyense mofanana, kaya wagula yodula: mvula ndi kusamba m'manja palibe kanthu, koma pochapa, posamba ndi pophika, vulani.

Thukuta ndi mdani amene anthu samuganizira. Kuseri kwa wotchi kuli timadontho tachitsulo pomwe tchaja ya maginito imamata. Thukuta lili ndi mchere, ndipo anyamata a njinga zamoto ndi a kabaza amene amakhala padzuwa tsiku lonse amabwera timadonthoto titachita dzimbiri lobiriwira. Amati tchaja yafa. Mukapukuta ndi kansalu ndi sipiriti pang'ono, ambiri amayambanso kutchaja. Muwaphunzitse kupukuta kuseriko madzulo asanaike pa tchaja, ndipo asatchaje wotchi yonyowa. Mafuta odzola nawo amaphimba kagalasi kowala mobiriwira kamene kamawerenga kugunda kwa mtima, kenako munthu n'kumati wotchi ikunama. Lamba wa labala akamangidwa kwambiri nyengo yotentha amatulutsa tizilonda pa khungu. Amasuleko bowo limodzi, azitsuka lambayo ndi kuumitsa.

Galasi limasweka m'malo odziwika: pa chitseko cha minibasi, pa chitsulo cha mjigo, pa khoma la njerwa m'tinjira topanikiza ta mumsika, ndiponso likagwa pa simenti povula. Aphunzitsi ndi anamwino amaisunga bwino, koma choko ndi sanitaiza zimaiwononga pang'onopang'ono. Amakanika ndi omanga nyumba ndimawauza poyera kuti ku ntchito asavale, ngakhale ndikudziwa kuti sandimvera.

Za magetsi musaiwale. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, tinkakhala maola ambiri opanda magetsi, ndipo anthu anazolowera kusiya zinthu pa soketi kuti magetsi akabwera usiku zitchajike zokha. Magetsi obwera mwamphamvu amawotcha tchaja, nthawi zina ndi wotchi yomwe. Komanso zotchipazi sizigwirizana ndi mitu ya tchaja yothamanga ya mafoni amakono, zimafuna mutu wamba wa 5V. Power bank ndi yabwino, kungoti ina imazima yokha chifukwa wotchi imakoka moto wochepa kwambiri, munthu n'kudzuka m'mawa wotchi ili pomwe inali.

Mukamvetsa zonsezi muona pamene pali ndalama yeniyeni. Munthu amene wagula wotchi amabweranso kudzafuna lamba, galasi loteteza sikirini, kachikuto ka m'mbali, ndi tchaja ina chifukwa yoyamba mwana wataya. Tinthu timeneti n'topepuka, tilibe batire, sitiwonongeka pa shelefu, ndipo palibe amatibweza. Phindu la pa malamba angapo limatha kuposa la pa wotchi imodzi. Malamba ambiri ndi a 20mm ndi 22mm, kupatula a mtundu wa Apple Watch ndi zotengera zake amene amalowa chotsetsereka m'mbali. Amayi amakonda kukhala ndi angapo ogwirizana ndi chitenje, abambo a muofesi amafuna achitsulo. Matchaja ndiye samalani, amaoneka ofanana koma mpata wa timapini umasiyana, choncho pikulani ogwirizana ndi mawotchi amene mukugulitsa. Galasi loteteza muzimata nokha patebulo, mutapukuta fumbi bwinobwino, chifukwa akakamata kunyumba limadzaza thovu n'kumati mwamugulitsa loipa. Kwa wogula wotchi yodula ine ndimamatira ngati mbasela. Limanditeteza inenso.

Pa mitundu, nenani zoona. Oraimo, itel, Xiaomi, Huawei ndi Samsung ali ndi mayina awo, ndipo anthu a Chipata amawadziwa chifukwa cha mafoni. Ndiye pali ma gong'a ooneka ngati Apple Watch, amene amatuluka mwachangu chifukwa achinyamata amafuna maonekedwe. Kugulitsa yotchipa si mlandu malinga mwamuuza munthu chimene akugula, koma yodindidwa chizindikiro cha kampani ya eni ake isiyeni, imeneyo ingakulanditseni katundu. Apple Watch yeniyeni imagwira ndi iPhone yokha, ndiye wina akakuonetsani yolumikizika ku Tecno, mwadziwa kale. Kuyesa kwina n'kosavuta: ikani wotchi patebulo, muyatse zoyeza mtima. Ikakupatsani nambala pamene palibe mkono, ndiye kuti manambala ake ndi ongopeka. Ndipo chonde, achikulire akabwera kuti akufuna yoyezera BP kapena shuga, musawanamize kuti mugulitse. Auzeni apitirize kukayezetsa ku kiliniki. Munthu angasiye mankhwala chifukwa cha nambala ya pa kawotchi.

Wotchi isachoke patebulo panu musanailumikize ku foni ya mwini wake. Muikireni app yake, muone uthenga ukulowa, muimbe foni imveke. Theka la madandaulo a mawa lake ndi a munthu amene walephera kulumikiza yekha, kapena foni yake yadzaza. Pa lisiti lembani tsiku, mtundu, ndi masiku amene mungasinthe ikakhala ndi vuto la ku fakitale, ndipo lembaninso kuti ya madzi ndi yosweka simulandira. Ya madzi imadziulula yokha, mumaona nkhungu pansi pa galasi ndipo sipika imalira mosasa. Musadalire kuti okonza mafoni akupulumutsani. Zambiri n'zomata ndi guluu, zipangizo zake sizipezeka, ndipo ikatsegulidwa kamodzi madzi amalowa mosavuta.

Nkhongole idzakuyesani, makamaka kwa a pa ntchito amene amati mudzatenge mwezi ukatha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Wotchi ikasweka tsiku lolipira lisanafike, ndalama yanu yasweka nayo. Ngati mukukongoza, atsogoze theka. Malonda amayenda bwino kumapeto kwa mwezi, mu Disembala, ndi kuyambira mu Juni alimi akagulitsa soya, mtedza ndi fodya. Januwale ndi wa fizi ndi feteleza, musadzaze shelefu nthawi imeneyo.

Za mpamba wanu wa chilimba, ukwana ngati simuthamangira ku Dar es Salaam. Yambani ndi Lusaka, kapena tsaganani ndi munthu wozolowera ku Lilongwe kuti muone mmene mapepala a pa Mwami amayendera. Tengani mitundu iwiri kapena itatu yokha ya mawotchi kuti muidziwe bwino, gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamayo mugulire malamba, magalasi ndi matchaja, ndipo ina musiye pa Airtel Money kapena MoMo yolipirira msonkho ndi kusinthira zobwezedwa. Mwa mtundu uliwonse, imodzi muvale nokha mwezi wathunthu, kuti kasitomala akafunsa kuti batire limakhala masiku angati, muyankhe zimene mwaona pa mkono wanu.