Yankho kwa mayi a ku Dedza amene mphaka wawo akuvutika pochita chimbudzi

Mayi, mwafunsa ngati mungapatse mphaka wanu dzungu komanso nyama yaiwisi. Dzungu mukhoza kumupatsa mphaka wanuyo, koma likhale lophika, lopanda mchere, mafuta kapena nsinjiro, ndipo supuni yaing'ono imodzi patsiku yosakaniza ndi chakudya chake ndi yokwanira. Dzungu limafewetsa chimbudzi chifukwa limasunga madzi m'matumbo, komabe silingalowe m'malo mwa nyama, pakuti thupi la mphaka linapangidwa kuti lizidalira nyama, ndipo akaisowa kwa nthawi yaitali mtima ndi maso ake zimafooka chifukwa chosowa taurine, chinthu chofunika m'thupi mwake chimene chimapezeka mu nyama.

Za nyama yaiwisi zija, ine sindikulimbikitsani. Nyama imene yakhala padzuwa pamsika kuyambira m'mawa imatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella, timene tingadwalitse mphakayo ngakhalenso ana amene amasewera naye. Amphaka anga ndimawawiritsira mitima ndi nthutumba za nkhuku pamodzi ndi chiwindi pang'ono, ndipo msuzi wake ndimawathirira m'mbale, popeza ndaona kuti m'miyezi yozizira ya June ndi July safuna kumwa madzi. Mafupa ophika musamupatse chifukwa amasweka n'kulasa matumbo, ndipo ndiwo zimene mwathiramo anyezi kapena adyo zimawononga magazi ake.

Akatha masiku awiri osachita chimbudzi, akayamba kusanza, kapena akasiya kudya, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kapena funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Ngati ndi wamphongo ndipo akudzikakamiza kukodza koma mkodzo sukutuluka, musadikire kuti kuche, chifukwa njira ya mkodzo ikatsekeka amatha kufa m'masiku ochepa.