Kunyamula zitsulo ndi njala m'mimba kunandithyola msana

Achemwali amene mwadandaula kuti sikelo yakana kutsika pamene mukunyamula zitsulo kuti muonde, musayerekeze kusiya nsima chifukwa cha zimenezo. Ndaona kuti ena m'gulu lino ayamba kale kukuuzani kuti muchepetse chakudya n'kuwonjezera kulemera kwa zitsulozo, ndipo thupi langa lachita tsemwe, chifukwa malangizo omwewo ndi amene anandigoneka chagada kuno ku Salima.

Ine ndinayamba kupita ku jimu nditangosiya kusamba, mimba itakula ndiponso mawondo akupweteka. Zitsulo za pamalopo zinali magiya akale a lole ndi simenti youmbidwa m'zitini za penti, ndipo mnyamata amene ankatiphunzitsa analibe pepala lililonse la ntchitoyo, kupatula chifuwa chotambasuka ndi pakamwa pokoma. Loweruka lililonse ankatikweza pa sikelo pamaso pa anzathu, ndipo amene sanatsike ankamunena kuti ndi wadyera. Anandiletsa nsima, mpunga ndi mkaka, n'kundigulitsa tiyi wake wotsegula m'mimba. Makilogalamu anatsikadi, koma ndikaimirira ndinkaona chidima m'maso. Sanandifunsepo zaka zanga, ndipo sanandifunse za mankhwala amene ndimamwa, chonsecho ndakhala ndikupatsidwa prednisolone kawirikawiri chifukwa cha mphumu, mankhwala amene amafooketsa mafupa akamwedwa kwa nthawi yaitali.

Tsiku la ngoziyo kunali kutentha kwa mu Okutobala, malata akuthetheka pamwamba pathu, ine nditangomwa tiyi uja m'mawa. Wotiphunzitsa uja anandiikira chitsulo chimene ankanyamula atsikana a msinkhu wa mwana wanga, ndipo nditanena kuti chikundilemera anayankha kuti amayi a masiku ano timakonda kudzimvera chisoni. Ndinawerama n'kuchikweza kufika m'mawondo, kenako ndinamva kuti tswa pakati pa msana, ngati nthambi youma ya mango. Sindinagwe nthawi yomweyo. Ndinangouma pomwepo nditawerama, mpweya ukukana kulowa, thukuta lozizira likutsika m'khosi, iye akuwomba m'manja uku akufuula kuti ndimalizitse. Nditagwada pansi ananena kuti ndi mtsempha chabe, n'kundipaka mafuta otentha, kenako anayamba kundidina ndi chigongono pamalo penipeni pamene panathyokapo, mpaka ndinasanza. Anaitana wakabaza kuti andiperekeze kunyumba, ndipo aliyense wodziwa misewu yathu yadothi angaganize yekha zimene dzenje lililonse linkandichita. Usiku umenewo sindinathe ngakhale kutembenuka, moti mwana wanga wamkazi ankandiikira beseni pafupi ndi bedi, ine mayi wake amene ndinamulera. Kuchipatala X-ray inaonetsa kuti fupa limodzi la msana laphwanyika n'kufupika, ndipo adokotala anati mafupa anga anali atafooka kale ndi matenda otchedwa osteoporosis.

Mnyamata uja sanabwere kudzapepesa. Anangondilembera pa WhatsApp kundikumbutsa ndalama ya mwezi umenewo, ndipo mpaka lero akukwezabe amayi a anthu pa sikelo yake. Zimandipweteka kwambiri kuti munthu angathe kusonkhanitsa zitsulo, n'kuyamba kulamula matupi a anthu akuluakulu popanda womufunsa kumene anaphunzira.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wa mafizo kuchipatala. Anandifotokozera kuti fupa ndi lamoyo, ndipo thupi limaligumula n'kulimanganso tsiku ndi tsiku malinga ndi katundu amene likusenza. Mafupa amafika pachimake pa kulimba munthu akamayandikira zaka 30, kenako amayamba kuchepa pang'onopang'ono, koma mayi akasiya kusamba mahomoni a estrogen, amene amateteza mafupa, amatsika, ndipo kwa zaka zingapo angathe kutaya pafupifupi 2 peresenti ya fupa pachaka. Munthu akamaonda mofulumira chifukwa chodzimana chakudya, sataya mafuta okha, amatayanso mnofu ndi fupa. Ine zonsezi zinandikumana nthawi imodzi, n'kuwonjezapo prednisolone uja.

Komabe, achemwali, zitsulo musazisiye. Mnofu ukamakoka fupa mwamphamvu, fupalo limayankha podzimanga, ndipo tizitsulo topepuka kwambiri sitilidzutsa. Pa kafukufuku wa LIFTMOR ku Australia, amayi osiya kusamba amene mafupa awo anali ofooka ankanyamula zolemera kawiri pamlungu, mphindi 30 zokha, ndipo patatha miyezi 8 mafupa a msana wawo analimba ndi pafupifupi 3 peresenti, pamene anzawo ochita mafizo opepuka anapitiriza kutaya. Koma amayiwo anayamba ndi zopepuka, akuyang'aniridwa ndi anthu ophunzira ntchitoyo. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization nawonso amalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pamlungu. Kusambira ku Senga Bay ndi kupalasa njinga n'kwabwino kwa mtima, koma mafupa sapindula nako kwenikweni, chifukwa madzi ndi chishalo ndiwo amasenza thupi lanu. Ine panopo ndimanyamula zigubu za madzi, ndimadzuka pampando n'kukhalanso nditanyamula chitsulo pachifuwa, ndipo sindiwerama msana utapindika.

Za sikelo yanuyo zisakusowetseni tulo. Lita imodzi ya mnofu imalemera pafupifupi makilogalamu 1.06, pamene ya mafuta imalemera pafupifupi 0.9, choncho n'zotheka kuti chilundu chiyambe kukhwepa m'chiuno makilogalamu ali pomwepo. Tengani tepi ya telala muziyeza chiuno kamodzi pamwezi. Nsima muchepetseko mitanda ngati mukufuna kuonda, koma muzidya, makamaka usipa ndi bonya pamodzi ndi minga yake, chambiko, soya, bonongwe ndi mpiru, pakuti mayi wopitirira zaka 50 amafunika kashiamu, mchere womanga mafupa, wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,200 patsiku. Dzuwa lotipatsa vitamini D, wothandiza thupi kuyamwa kashiamuyo, ndiye kuno sitilisowa.

Ngati mumabayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu, kapena mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, dziwani kuti nawonso amachepetsako kulimba kwa mafupa. Musasiye mankhwalawo, koma auzeni achipatala kuti mwayamba kunyamula zitsulo, ndipo wokuphunzitsaniyo adziwenso musanagwire chitsulo cholemera. Akakanika kukufunsani zaka zanu ndi mankhwala anu, fufuzani wina. Msana ukangopweteka mwadzidzidzi muli pakati ponyamula, musalole aliyense kukudinani, ndipo mupeze galimoto yoti mugonemo popita kuchipatala tsiku lomwelo.